Wolowa pabwalo pomwe khoti linamuletsa agone m'selo tsiku lomwelo

Akonzi,

Ndipatseniko kampata munyuzipepala yanu ndinenepo za amuna amene khoti linawauza kuti asadzapondenso pakhomo pa mkazi yemwe ankamumenya. Chikalata chilipo, chidindo chilipo, siginecha ya woweruza ilipo, koma iwo amabwerabe n'kulowa pageti ngati palibe chomwe chinachitika ndipo palibe owagwira. Zimenezi zikuchitika muno mu Lusaka m'makomboni mwathu momwe, kaya ndi ku Kanyama, ku Matero, ku Mtendere kaya ku George nkhani yake ndi imodzimodzi, ndipo ine zimandiwawa kwambiri. Maganizo anga ndi amodzi basi, munthu wotere akangoponda pomwe anamuletsa agwidwe tsiku lomwelo olo asanakweze dzanja, ndipo mlandu wake usamatengedwe ngati wa mnyamata amene walumpha mpanda wa eni kukathyola mango. Ameneyu wanyoza khoti komanso waopseza moyo wa munthu, chilango chake chizioneka kuti ndi cha zimenezo.

Asatinamize munthu kuti lamulo kulibe. Lilipo kuyambira 2011, pomwe aphungu athu anavomereza Anti-Gender-Based Violence Act, ndipo nkhani ya protection order, chikalata cha khoti choletsa wankhanza chija, ili m'menemo. Wozunzidwa amapita kwa majisitireti, osati ku loko khoti komwe timathamangira tikafuna kumasula ukwati ayi, ndipo woweruza akaona kuti zinthu zafika poipa amatha kupereka kaye chikalata chongoyembekezera cha miyezi 3, kenako akamva mbali zonse ziwiri amapereka chenicheni chomwe chimatha kufika miyezi 12, ikatha munthu n'kupempha kuti awonjezere. M'chikalatamo amalembamo zoletsedwa, monga kumenya, kuopseza, kufika komwe mayiyo akukhala kapena komwe amagwira ntchito, kumuvutitsa pafoni. Palinso china amati occupation order, chimenecho chimatulutsa wankhanzayo m'nyumba momwe onse awiri ankakhala kuti mayi ndi ana atsalemo. Ndipo lamulo lomwelo likuti wophwanya zomwe khoti lalamula wapalamula mlandu, akhoza kukakhala kundende mpaka zaka 2, komanso wapolisi safunika kudikira waranti kuti amugwire. Papepala zonsezi ndi zabwino zedi, sindikutsutsa.

Vuto limayambira pa kauntala ya polisi. Mayi akafika kukanena kuti bambo uja walowanso pabwalo, nthawi zambiri maganizo a wapolisi amathamangira ku Penal Code, buku la milandu ndi zilango zake, ku gawo 306 lija la criminal trespass, lomwe chilango chake ndi miyezi 3 chabe, kapena chaka chimodzi ngati munthu walowa m'nyumba yogonamo anthu. Lamulo limeneli analipangira munthu wolowa pamalo a wina, manje kukomboni malo a wina ndi ati? Mwamuna amangoti bwana nyumba iyi lendi ndimalipira ndine, funsani alandilodi, bedi ndinagula ndine, malata awa ndinakhoma ndine, ana ali mkatiwo ndi anga, ndalakwa chani kubwera kwathu? Wapolisi amayamba kukanda m'mutu, nkhani ija yasanduka ya katundu, yasanduka ya m'banja, kenako mwamva akuti "pitani mukakambirane ndi ankhoswe". Pomwe funso lofunika kufunsa linali limodzi lokha, kodi khoti linati munthuyu asafike pano? Ngati linatero, za lendi ndi malata zilibenso ntchito. Woweruza pomwe ankasaina chikalatacho ankadziwa kale kuti anthuwa anali pabanja ndipo katundu anagulira limodzi.

Ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso anga pa yadi yomwe ndinkachita lendi. Ndi midadada ija, zitseko zondondozana, mpopi umodzi, chimbudzi chimodzi, geti ya malata yomwe siitsekedwa chifukwa aliyense amabwera nthawi yake. Chitseko choyandikana ndi changa munali mayi wina wogulitsa tomato ndi kapenta pamsika, dzina sinditchula, mwamuna wake anamuthyolapo dzanja ndipo a bungwe lina la amayi ndi amene anamugwira pamkono mpaka kupeza protection order. Chikalatacho anachipinda n'kuchiika m'kapulasitiki ka shuga, ankayenda nacho m'kachikwama ka ndalama kaja amamanga m'chiuno kunsi kwa chitenje, mpaka mopindika muja munayamba kung'ambika. Bambo uja sanabwere ndi chikwanje ayi. Anabwera madzulo malaiti atapita, anakhala pa kampando ka mayiyo pafupi ndi mbaula, anavundukula poto kuona ndiwo, anasonkhezera malasha, n'kuyamba kufunsa mwana wamkulu mokweza kuti wamkati amve, "amako masiku ano amaweruka nthawi yanji, amabwera ndi ndani?" Mayiyo anali mkati atakhoma, atagwira kamwana kakang'ono pakamwa kuti kasalire. Amuna a pa yadi atatuluka iye anangonyamuka pang'onopang'ono, mpaka kutsanzika. Tsiku lina mayiyo anadzuka n'kupeza nsapato zakale za bamboyo zitaikidwa bwinobwino pakhomo. Tsiku linanso anamupeza ataima pampopi m'mamawa akusamba kumaso, mayiyo anabwerera ndi chidebe chopanda madzi miyendo ikunjenjemera.

Tinamuperekeza kupolisi, chikalata chili m'manja. Mafunso ake anali awa, wakumenyani? Ayi. Waphwanya chitseko? Ayi. Waba kanthu? Ayi. "Nanga mayi mlandu uli pati apa?" Anamulembera call-out, kapepala koitanira munthu kupolisi, n'kumuuza kuti akapereke yekha kwa mwamunayo kapena atume munthu chifukwa galimoto inalibe mafuta. Taganizani Akonzi, munthu amene khoti lanena kuti asayandikirane naye, ndiye akamusake kushabini kukamupatsa kapepala! Mapeto ake mayi uja anasamuka usiku, katundu pa wilibala, kupita kwa achibale mbali ina ya tauni. Anataya tebulo lake la pamsika ndi makasitomala omwe anawazolowera, anatuluka mu chilimba asanalandire, mwana anakhala temu yonse osapita kusukulu. Bamboyo anatsala akuyenda momasuka m'njira zomwezija. Ndiye amene analangidwa pamenepa ndi ndani?

Anthu ena amati koma sanamumenye, anangokhala pampando. Olankhula choncho sanagonepo ndi mantha m'nyumba mwawo momwe. Kubwera kumeneko ndi uthenga, akunena kuti kapepala kakoko sikangandiletse, ndikudziwa pomwe umagona, ndikudziwa nthawi yomwe umatunga madzi. Komanso amachitira dala kuti aone ngati apolisi abwere, ngati aneba atuluke. Akaona kuti kuli zii, ulendo wotsatira amakankha chitseko, wotsatirawo ndi umene timakaumva pawailesi, ndipo pamaliro aliyense amayamba kunena kuti koma malemuwa ankadandaula. Amene amagwira ntchito m'nyumba zobisalamo amayi ozunzidwa adzakuuzani kuti nthawi yoopsa kwambiri kwa mkazi ndi pomwe wangochoka kapena wangopita kukhoti, chifukwa mwamuna wankhanza amaona kuti munthu amene ankamulamulira akumupulumuka m'manja. Protection order imaperekedwa panthawi yomweyoyo. Ndiye tikati tidikire magazi atuluke kaye kenako tigwire munthu, chikalatacho ntchito yake ndi chani? Kumenya kuli kale ndi chilango chake mu Penal Code, womenya mnzake mpaka kumuvulaza akhoza kukhala zaka 5, zimenezo sizifuna protection order. Chikalatachi chinabwera kuti munthu agwidwe asanafike pomenyapo.

Si kuno kokha komwe chikalata chinakanika kuteteza munthu. Ku America, m'tauni ya Castle Rock ku Colorado, mu 1999 mayi wina dzina lake Jessica Gonzales anali ndi chikalata cha khoti choletsa mwamuna amene anasiyana naye. Mwamunayo anabwera n'kutenga ana awo aakazi atatu akusewera panja, mayiyo anaimbira apolisi kangapo usiku womwewo mpaka kupita yekha kusiteshoni, iwo ankangoti dikirani. Pakati pausiku patapita mwamunayo anafika kupolisi akuwombera mfuti, apolisi anamupha, ndipo ana atatu aja anapezeka atafa m'galimoto yake. Nkhaniyi inafika mpaka kukhoti lalikulu la dzikolo, ndipo mu 2005 linagamula kuti malamulo aakulu a dzikolo samupatsa mayiyo mphamvu yozenga tauniyo mlandu chifukwa choti apolisi sanatsatire chikalatacho. Apolisi akumeneko galimoto anali nazo, mafuta anali nawo. Chimene chinasowa ndi wapolisi woona kuti pepala lili m'manja mwa mayiyo ndi lamulo lofunika kulithamangira, ndipo kuno kwathu chikusowa ndi chomwechonso kuwonjezera pa mafutawo.

Koma pali mayiko omwe anaganizapo bwino. Ku South Africa, pansi pa Domestic Violence Act ya 1998, woweruza akamapereka protection order amasainiratu waranti yogwirira wankhanzayo, imangokhala ikudikira. Akaphwanya, mayi amapita kupolisi ndi waranti ija n'kulumbira kuti wachita zakuti, ndipo ngati pakuoneka chiopsezo apolisi amayenera kumugwira pompo, chilango chimatha kufika zaka 5. Ku England nakonso kuyambira 2007 kuphwanya chikalata chotere ndi mlandu womwe umatha kufika zaka 5. Ku Spain ndi ku France anafika pomuveka wankhanzayo kachipangizo komwe kamachenjeza akayandikira pomwe pali mayiyo. Za zipangizozo ndalama zake ife tilibe, ndikuvomera, koma waranti yosainiratu imafuna chani? Pepala ndi cholembera basi.

Ndiye pempho langa kwa aphungu athu ku Manda Hill, kwa a Unduna wa Zachilungamo ndi a Zambia Law Development Commission omwe ntchito yawo ndi kuunikanso malamulo, ndi loti atseke mipata imeneyi. Waranti izituluka limodzi ndi chikalata. Kugwira munthu wophwanya kusakhale kufuna kwa ofisala amene wapezeka pa shifiti tsiku limenelo, kukhale udindo wake, ndipo akasankha kusagwira alembe dzina lake ndi chifukwa chake mu OB, buku lija apolisi amalembamo zonse zochitika pa siteshoni, kuti zikadzavuta tidzadziwe woyankha. Zaka 2 zija ndi pothera, ndiye woweruza akhoza kupereka mwezi umodzi kapena chilango choimikidwa munthu n'kubwerera kukomboni madzulo omwewo. Ine ndikuti woyamba kuphwanya woweruza aone yekha mmene zinalili, koma wobwereza kachiwiri pasakhalenso zokambirana, akalowe ndithu, ndipo zaka zikwere kufika 5 ngati anzathu akumwerawo. Wobwera usiku, wobwera ndi mpeni kapena chitsulo, wothyola loko, wokatenga mwana kusukulu mozemba, ameneyo chilango chake chikhale chokwera olo kukhale koyamba. Ndipo bwalo lonse liwerengedwe osati chipinda chokha, kukomboni moyo wathu uli panja, timaphika panja, timachapa panja, chimbudzi chili kuseri, ndiye lamulo loona kuti kulowa m'nyumba ndiye mlandu waukulu koma kuima pampopi ndi kochepa silikudziwa mmene timakhalira. Chinanso ndi bondi ya polisi. Munthu amagwidwa Lachisanu, Loweruka m'mawa abale ake abwera ndi ma NRC awo amusainira, mayi uja osauzidwa kanthu, amangomuona watulukira pakona ali ndi ukali woposa dzulo. Wophwanya protection order asamatuluke pa bondi ya polisi, akaonekere kaye kwa majisitireti, ndipo tsiku lomwe akutuluka mayiyo aziyamba wadziwitsidwa.

Palinso ochenjera ena omwe sabwera okha. Amatuma alongo awo kukakhala pakhomo tsiku lonse akutukwana, amatuma anyamata kukaima pafupi ndi tebulo la pamsika kuti makasitomala athawe, amagula simu kadi yatsopano sabata iliyonse n'kumatumiza mamesiji usiku oti ndakuona wavala diresi yakuti lero. Zimenezi woweruza azizilemba momveka m'chikalata, ndipo wotuma aziwerengedwa ngati wafika yekha.

Wina anganene kuti ndikukulitsa nkhani ya anthu ochepa. Zoona amene amafika mpaka potenga chikalata ndi ochepa, koma taonani kumbuyo kwawo kuli anthu angati. Kafukufuku wa 2018 uja amati Zambia Demographic and Health Survey anapeza kuti amayi 36 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anamenyedwapo chikwanitsireni zaka 15, ndipo mwa amene anakwatiwapo 47 pa 100 anachitidwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Chomvetsa chisoni kwambiri, opitirira theka la ochitidwa nkhanzawo sanapemphe thandizo ndipo sanauzeko munthu aliyense. Apolisi nawo anati mu 2023 analandira milandu ya nkhanza zotere yopitirira 42,000 dziko lonse. Ndiye mayi mmodzi akalimba mtima, wakwera minibasi kupita kukhoti, wataya masiku a bizinesi, wapirira kunyozedwa ndi apongozi, kenako chikalata chake n'kupondedwa pamaso pa yadi yonse, amene waphunzirapo si iye yekha. Amayi onse amene ankasuzumira pawindo aona kuti kukhoti n'kutaya nthawi, amuna nawo aona kuti palibe chimachitika.

Pali funso lina lovuta lomwe sindingalidumphe, amayi anzanga ku chigwirizano amalifunsa nthawi zonse. Amati mukamumanga, ana adya chani? Lendi alipira ndani? Si funso lopusa ayi, ndi funso la munthu amene amagula ka pamela tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake milandu yambiri imathera panjira, mayi amabwerera yekha kupolisi kukapempha kuti aifafanize, kumbuyo kwake kuli apongozi, alamu, ankhoswe, nthawi zina ndi amayi ake omubereka omwe, onse akuti watichititsa manyazi, mwamuna samangitsidwa, bambo wa ana ako ameneyo, lobola tibweza ndi chani. Alangizi anatiuza tikulowa m'banja kuti za m'nyumba sizituluka panja, anzathu achiBemba mpaka ukwati anautcha shipikisha club, kutanthauza kalabu ya opirira, ndipo kafukufuku yemweuja anapeza kuti amayi 46 pa 100 amavomereza kuti pali zifukwa zina zomwe mwamuna angamenyere mkazi wake. Zonsezi ndikuzidziwa, ndakulira momwemo. Koma tiyeni tinene zoona, mwamuna amene wafika poletsedwa ndi khoti kawirikawiri anasiya kalekale kugula unga, mayiyo ndi amene akudyetsa ana ndi tomato wake. Ndipo mlandu wophwanya chikalata si wa mayiyo kuti aziukhululukira, munthuyo wanyoza khoti, umboni wake ndi chikalata chomwecho ndi aneba amene anamuona atakhala pambaula. Boma liziutenga lokha mlanduwo kuti achibale asowe chomupanikizira mayiyo, akabwera iye azingoti pepani sizili m'manja mwanga. Za njalazo yankho lake lili m'lamulo lomwelo la 2011, linanena kuti boma likhazikitse nyumba zobisalamo ozunzidwa komanso thumba la ndalama zowathandiza. Zimenezo tizione ndi maso. Mayi amene mwamuna wake wamangidwa alowetsedwe msanga pa social cash transfer, ndipo khoti likamapereka chikalata lizilamuliratu ndalama ya ana kuti bambo asapeze chonamizira choti ndabweretsa ya ndiwo. Mabungwe monga YWCA akhala akusunga amayi othawa nkhanza kwa zaka zambiri, koma okha sangaukwanitse mzinda wonse uno.

Abambo ena akawerenga izi adzati nanga mkazi akangonama kuti ndinabwera? Nanga ana anga ndisawaone? Nanga zovala zanga ndi zitsulo zanga za ntchito zili m'nyumbamo? Abambo anga, chikalata chenicheni sichituluka musanapatsidwe mpata woyankha, ndipo ngati mukuona kuti munaweruzidwa mokondera bwererani kukhoti komweko mukapemphe kuti achisinthe kapena achichotse, a Legal Aid Board alipo kwa amene alibe ndalama ya loya. Za ana kapempheni masiku ndi malo okumanirana, kaya kwa agogo awo kaya kutchalitchi. Zovalazo pitani ndi wapolisi masana dzuwa likuswa mtengo, mutenge mutuluke. Wonama naye sapulumuka, kunama utalumbira ndi mlandu. Chimene sichiloledwa n'choti inuyo mugamule nokha kuti woweruza analakwitsa ndiye ine ndilowa. Ndipo musaone ngati lamuloli ndi la akazi okha, alipo amuna muno mu Lusaka amene anathiridwa madzi otentha kapena saladi wowira ndi akazi awo, amangobisa kuopa kusekedwa ndi anzawo, nawonso akhoza kutenga chikalata chomwechi ndipo mkazi akachiphwanya agone m'selo chimodzimodzi.

Sindikufuna zimveke ngati apolisi onse ndi oipa. A Victim Support Unit (VSU), nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa, omwe anakhazikitsidwa mu 1994, ambiri amagwira ntchito ndi mtima wonse, ine ndinaonapo wina akupisa m'thumba mwake kumupatsa mayi ya transipoti. Makhoti ofulumizitsa milandu ya nkhanza omwe anayambira ku Kabwe ndi kuno ku Lusaka mu 2016 nawo anathandiza. Koma mwamuna wankhanza sabwera 10 koloko m'mawa a VSU ali paofesi, amabwera usiku, amabwera kumapeto a mwezi atalandira ndi kumwa, ndipo amene mayi amamupeza pa kauntala nthawi imeneyo ndi ofisala wina amene mwina protection order sanaigwirepo m'manja chiyambire ntchito. Ameneyo ndiye wofunika kuphunzitsidwa. Khoti likapereka chikalata, kope yake izitumizidwa tsiku lomwelo ku polisi posti ya dera lomwe mayiyo amakhala, ikhale m'buku lakelake, pamodzi ndi chithunzi cha woletsedwayo ngati chilipo, kuti olo mayi athawe usiku ndi chitenje chokha chikalata chatsala m'nyumba asamauzidwe kuti bwererani mukatenge. Masiku ano ndalama timatumizirana pafoni, zingakanike bwanji kutumiza chithunzi cha chikalata pa WhatsApp kuchoka kukhoti kupita kuposti? Komanso kupereka chikalata kapena call-out kwa mwamunayo isakhale ntchito ya wozunzidwa ngakhale pang'ono, pali amesenjala a khoti, pali a neighbourhood watch, pali apolisi eniake.

Alandilodi nanunso ndikupempheni. Mayi akakuonetsani chikalata sinthani loko, ndipo kiyi wa sipeya musapereke kwa bambo uja olo akhale kuti ndi amene munapangana naye za lendi poyamba. Musamuthamangitse mayiyo kuti akubweretsa phokoso pa yadi, waphokoso ndi wolowayo. Ife aneba tikamuona walowa tilembe tsiku ndi nthawi, amene ali ndi foni ya kamera ajambule ali chapatali, ndipo tikaitanidwa kukachitira umboni tipite, milandu yambiri imafa chifukwa aliyense amati ine sindinaone kanthu. Abusa ndi akulu ampingo, kuyanjanitsa mabanja ndi ntchito yabwino ndipo timakulemekezani nayo, koma khoti likalamula musamatenge mwamunayo n'kupita naye kunyumba kwa mayiyo kuti tikapemphere limodzi, pamenepo mwamuthandiza kuphwanya lamulo ndipo mayiyo sangakubwezeni pakhomo chifukwa cha ulemu.

Kwa inu amayi amene mukuwerenga izi chikalata chili m'chikwama, chijambuleni pafoni, pangani mafotokope musiye ina kwa mnzanu wodalirika, ina kwa ahedi kusukulu ya ana. Akabwera imbani 933, nambala yaulere ya Lifeline Childline Zambia, ya ana ndi 116, ndipo kupolisi musapite nokha. Mukafika musangoti walowa pabwalo panga, nenani kuti waphwanya protection order, onetsani chikalata, pemphani nambala ya OB, akakubwezani pemphani kuonana ndi officer in charge. A National Legal Aid Clinic for Women nawonso ndi oyenera kuwafikira mukafuna kubwerera kukhoti kukanena kuti chikalata chaphwanyidwa.

Nanu Akonzi, tumaniko atolankhani anu akafunse apolisi ndi akumakhoti kuti chiyambire 2011 ma protection order atuluka angati, ndipo ndi anthu angati amene anamangidwapo chifukwa chowaphwanya, mutilembere ziwerengerozo munyuzi muno aphungu athu aziwerenge.

Ndine wanu wowerenga,
Mayi wokhudzidwa, Lusaka